Kukonzekeretsa pikapu ya mpikisano kuti ithamange padothi: mmene ankachitira ku Eldora, 2013 mpaka 2019

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, bungwe la mipikisano ya magalimoto la NASCAR ku America linkatenga mapikapu ake a mpikisano, omwe chaka chonse amathamanga pa tala ndi pa konkire, n'kukawaika pa bwalo ladothi la Eldora Speedway, kufupi ndi Rossburg m'chigawo cha Ohio. Zinkachitika kamodzi pa chaka, usiku wa mkati mwa sabata, nyengo yotentha. Mpikisanowu udayamba ndi dzina loti Mudsummer Classic, kuyambira 2016 n'kumatchedwa Eldora Dirt Derby, ndipo lero kulibenso. Pamene unkayamba pa 24 Julaye 2013, panali patatha zaka 43 NASCAR isanachititse mpikisano waukulu padothi. Womaliza udali wa mu Sepitembala 1970 ku Raleigh, North Carolina, womwe adapambana ndi Richard Petty. Choncho amakaniko ambiri a mapikapuwa adayamba ntchitoyi opanda buku loonera, ndipo zomwe adaphunzira n'zomwe zili pansipa.

Mfundo yaikulu ndi imodzi: dothi lomwe mwayesererapo masana si lomwe mudzamalizirepo usiku. Galimoto muikonzere maulendo 40 omaliza ozungulira bwalo, osati oyamba.

Dziwani bwalo ndi galimoto yomwe muli nayo

Bwalo la Eldora adalimanga Earl Baltes mu 1954, ndipo Tony Stewart adaligula mu 2004. Ndi lozungulira ngati dzira, lotalika theka la mayilosi, kapena kuti mamita pafupifupi 805. M'makona ndi lopendekeka madigiri 24, m'mizere yowongoka madigiri 8, ndipo kunja kwake kuli khoma la konkire. Magalimoto amakhotera kumanzere kokhakokha. Mpikisano waukulu udali wa maulendo 150 ozungulira bwalo, omwe ndi makilomita pafupifupi 121.

Pikapu ya NASCAR ndi pikapu pamaonekedwe chabe. M'kati mwake ndi chimango cha mapaipi achitsulo chowotcherera, injini ya V8, giyabokosi ya magiya anayi osintha ndi dzanja, ndi ekiselo yakumbuyo yolimba yosapindika pakati. Imalemera makilogalamu pafupifupi 1,540 dalaivala asanakwere. Apa ndiye pagona vuto. Magalimoto omwe adapangidwira dothi, monga a late model omwe amapikisana pa bwalo lomweli mu World 100, amalemera makilogalamu ongopitirira pang'ono 1,000, ndipo alibe galasi lakutsogolo. Magalimoto opepuka kwambiri otchedwa sprint car amazungulira Eldora m'masekondi pafupifupi 13. Ken Schrader, yemwe adathamanga kuposa onse poyeza nthawi mu 2013 ali ndi zaka 58, adazungulira ndi pikapu m'masekondi 19.709, liwiro la makilomita 147 pa ola. Mukasiyanitsa manambala awiriwo muona kuti pikapu ndi yolemera, yochedwa kumva chiwongolero, ndipo njira zambiri za akatswiri a dothi sizigwira pa iyo.

Yambani ndi dothi

Ngati ndinu okonza bwalo, ntchito imayamba kutatsala masiku angapo. Galauzani dothi lapamwamba ndi thirakitala kuti madzi alowe pansi, thirani madzi pang'onopang'ono kangapo, makamaka madzulo ndi usiku dzuwa litapepa, kenako tsinderani ndi magalimoto olemera a matayala aakulu mpaka pamwamba palimbe. Madzi othira kamodzi ambirimbiri amangoyenderera kutsikira m'munsi mwa makona chifukwa cha kupendekeka kuja, pamwamba n'kukhala pouma, m'munsi thope.

Bwalo la mapikapu likonzedwe lolimba ndi louma kuposa la magalimoto ena a dothi. Zifukwa zake ndi ziwiri. Galimoto yolemera chonchi ikayenda pa dothi lofewa imakumba maenje ndi ngalande, ndipo ikafika pa maenjewo pa liwiro imathyola zitsulo zam'munsi. Chachiwiri, thope limamata pa galasi ndi pa mphuno. Zimenezi zidaoneka poyera mu Malichi 2021 pa bwalo lina la Bristol, ku Tennessee, lomwe adalithira dothi, pomwe kampikisano koyamba ka mapikapu kosankhira malo oyambira kadaimitsidwa atangozungulira kamodzi: magalasi onse adali bii ndi thope, ma radiyeta atatsekeka. Koma musapitirirenso muyezo. Dothi likauma kwambiri limasanduka fumbi, ndipo dalaivala wa pakati pa gulu saona ngakhale galimoto yomwe ili patsogolo pake. Kupeza pakatikati pa ziwirizi ndi luso lomwe a ku Eldora adali nalo chifukwa chokonza dothi lomwelo kwa zaka makumi.

Usiku umodzi dothi limadutsa m'magawo atatu, ndipo makaniko aliyense awadziwe ndi maso. Poyamba limakhala lachinyontho, lakuda, lomata pansi pa nsapato. Matayala amagwira kwambiri. Magalimoto akazungulira kwa nthawi, pamwamba pamauma n'kusalala mpaka kunyezimira pansi pa magetsi. Apa ndi poterera, ndipo kupatsa moto wambiri kumangozungulitsa matayala pachabe. Gawo lachitatu silibwera nthawi zonse: labala wa matayala amayamba kumatirira pa dothi louma lija, n'kupanga mzere wakuda womwe umagwira ngati tala koma umadya matayala msanga. Nthawi yonseyi dothi lomwe matayala akufukula limakankhidwira kunja, n'kupanga mtumbira wofewa m'makona womwe madalaivala amautcha cushion. Ku Eldora mtumbirawu umasunthira kumtunda pang'onopang'ono mpaka kukatsamira khoma lenilenilo.

Thupi la galimoto

Chotsani chitsulo chophwatalala chomwe chimakhala pansi pa mphuno, chotchedwa splitter. Pa tala chimathandiza mphepo kukanikizira mphuno pansi, koma padothi chimangokhala fosholo, ndipo chikakumba pa liwiro chimang'ambika kapena kunyamula matayala akutsogolo. Kwezani galimoto yonse kuti pansi pasagunde dothi ikapendekera kumanja m'kona. NASCAR idakulitsanso chotchinga mphepo chakumbuyo kuti matayala akumbuyo akanikizike pang'ono, ngakhale pa liwiro lotsika chonchi phindu lake si lalikulu.

Kutsogolo kwa radiyeta ikani sefa ya waya yolimba, ndipo isiyeni patali pang'ono ndi radiyetayo kuti chibuluma cha dothi chikamenya chisweke chisanafike pa timapaipi. Sefa ya maso aang'ono kwambiri imatsekeka msanga. Ya maso aakulu imalowetsa miyala. Magulu ambiri amaika ziwiri, ya maso aakulu kunja, ina mkati. Dalaivala aziyang'ana geji ya kutentha kwa madzi pafupipafupi, chifukwa sefa ikatsekeka kutentha kumakwera m'maulendo ochepa okha, ndipo injini ikataya madzi usiku wanu wathera pomwepo. Pa boneti ankaikapo kachotchinga kopatutsa dothi kuti lisamenye galasi molunjika. Pa galasipo matani mapepala apulasitiki oonekera, angapo mosanjikiza, kuti galimoto ikaima muzingosenda limodzi. Osapukuta galasi la fumbi ndi nsalu youma: limakalika, ndipo magetsi a bwalo akawala pa mikwingwirimayo dalaivala amachita khungu.

Tsekani mipata yonse yomwe fumbi lingalowere kwa dalaivala, ndipo sefa ya mpweya wopita mu chisoti chake ikhale yatsopano. Kumbuyo kwa galimoto mbali ya kumanja limbitsani zogwirizira thupi, koma siyani mpata wokwanira pakati pa chitsulo ndi tayala. Mbali imeneyo idzagunda khoma, palibe kukayika. Chofunika n'choti ikaphwanyika isapindikire pa tayala n'kulicheka.

Matayala

Kampani ya Goodyear idapanga matayala apadera a mpikisanowu. Pa tala mapikapu amayendera matayala osalala a mtundu wa radial. Ku Eldora adali a mtundu wa bias-ply, okhala ndi mano a timabokosi. Nthiti za tayala lotere n'zofewa, zimapindika galimoto ikayenda chammbali, ndiye dalaivala amamva msanga kuti kumbuyo kwayamba kuthawa. Manowo amaluma dothi ndi kutaya fumbi lomwe lili pansi pa tayala.

Chinthu chofunika kwambiri pa matayala ndi kusiyana kwa kukula pakati pa lakumanja ndi lakumanzere, komwe amati stagger. Mukagoneka ndowa pansi n'kuikankha, siyenda molunjika, imakhotera komwe kuli tako lake laling'ono. Ekiselo yakumbuyo ya pikapu imachita chimodzimodzi mukapatsa moto, chifukwa difu yake imamanga matayala awiriwo kuti azizungulira limodzi. Tayala lakumanzere likakhala laling'ono, galimoto imakhotera yokha kumanzere.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Tengani kutalika kozungulira tayala lakumanja, chulukitsani ndi mtunda wa pakati pa matayala awiri akumbuyo, gawani ndi mtunda wochoka pakati pa kona kufika pomwe galimoto ikudutsa. Tingoyerekeza: tayala la masentimita 220, matayala otalikirana mamita 1.55, kona ya mamita 60. Yankho ndi masentimita 5.7. Pamenepo ndi poyambira chabe, chifukwa padothi matayala akumbuyo amakhala akuterera nthawi zonse. Kusiyana kukachuluka galimoto imalowa bwino m'kona koma potuluka kumbuyo kumathawa, ndipo m'mizere yowongoka matayala amalimbana okhaokha. Kukachepa, mphuno imakana kukhota. Dothi likamauma, chepetsani.

Matayala a bias-ply satuluka m'fakitale ofanana ndendende, ndipo amakula akatentha kapena akapopedwa kwambiri. Popani onse mpweya womwe mudzathamangire, yezani lililonse ndi tepi yopyapyala pakati penipeni pa mano, lembani nambala ndi choko pa nthiti yake, kenako muwaphatikize awiriawiri. Galimoto ikangobwera kuchokera m'bwalo yezaninso akadali otentha. Mukadumpha zimenezi mudzasintha matayala pakati pa mpikisano n'kudabwa kuti galimoto yasintha khalidwe pomwe simunakhudze sipanala.

Mpweya ukhale wocheperapo kusiyana ndi wa pa tala kuti tayala ligone mokwanira pa dothi. Malire ake ndi tayala lakumbuyo kumanja: likakhala lofewa kwambiri, likamenya mtumbira chammbali limavuka pa rimu n'kuphwa nthawi yomweyo. Galimoto ikaima, palani dothi lomwe lamatirira mkati mwa marimu, chifukwa kachibuluma kochepa kamanjenjemeretsa galimoto yonse.

Masipuling'i ndi kagawidwe ka kulemera

Pa tala makaniko amafuna galimoto yogona pansi, yosagwedezeka. Padothi mukufuna igwadire kumanja kuti matayala a mbali imeneyo alume. Ikani masipuling'i ofewerapo ndi mashoko olola tayala kukwera ndi kutsika mtunda wautali, kuti likadutsa pa bampu libwerere pansi msanga. Chitsulo chopingasa chakutsogolo choletsa kupendekeka, cha sway bar, chikhale chocheperapo mphamvu.

Musachichotse. Mu 2013 Scott Bloomquist, mmodzi mwa akatswiri otchuka kwambiri a late model, adalowa mpikisanowu ndi pikapu ya gulu la Kyle Busch atachichotseratu, monga mmene galimoto za dothi zenizeni zimakhalira. Pikapuyo inkapendekeka mopitirira, tayala lakutsogolo kumanzere likunyamuka, ndipo adamaliza kumbuyo kwambiri. Nzeru yake idali yolondola pa galimoto yopepuka, koma pa yolemera tani imodzi ndi theka idamugwetsa.

Kwezani galimoto pa masikelo anayi, dalaivala ali mkati, thanki ili ndi mafuta omwe mudzayambire. Phatikizani kulemera kwa tayala lakutsogolo kumanja ndi lakumbuyo kumanzere, gawani ndi kulemera konse. Gawo limenelo ndi lomwe amati wedge, ndipo limasinthidwa popotokola mabawuti omwe akanikiza masipuling'i akumbuyo. Mukaliwonjezera, tayala lakumbuyo kumanzere limakanikizika, galimoto imakoka bwino potuluka m'kona poterera, koma mphuno imayamba kukana kukhota. Mukalichepetsa, imakhota mosavuta koma kumbuyo kumapepuka. Chitsulo china chopingasa chakumbuyo, cha track bar, chimagwira motere: mukachikweza kumbuyo kumathawa msanga, mukachitsitsa kumagwira. Pa dothi lachinyontho la kumayambiriro galimoto imakonda kukana kukhota, ndiye mtima umafuna kuimasula. Dzigwireni. Pakatha maola awiri dothi lomwelo lidzakhala loterera, ndipo galimoto yomwe munaimasula idzakhala ikungozungulira. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo lembani zomwe mwasintha pamodzi ndi mmene dothi linalili pa ola limenelo.

Chiwongolero chikhale chotha kukhotera kumanja mokwanira, chifukwa m'kona dalaivala amakhala atapotolera kumanja pomwe galimoto ikupita kumanzere. Yesani galimoto ili pa jeke: potolani mpaka kumapeto mbali zonse, muone ngati tayala silikukhudza chimango kapena paipi ya mabuleki.

Injini, giya ndi mabuleki

Mphamvu ya injini si vuto ku Eldora, ndi yochuluka kale kuposa yomwe dothi lingalandire. Chofunika ndi kuti ibwere mofatsa. Talikitsani kayendedwe ka chopondera moto kuti phazi likasuntha pang'ono injini isalumphe. Pa sefa ya mpweya wa injini valikani chikuto china kunja, ndipo onetsetsani kuti m'mphepete mwake mwamatika bwino. Fumbi la dongo likalowa m'masilinda limapala ngati sandipepa. Giya ya mu difu musankhe poganizira dothi loterera, osati lachinyontho. Yokoka kwambiri imangozungulitsa matayala.

Giyabokosi isanyozedwe poti dalaivala sasintha giya pozungulira. Imafunika poyambiranso mpikisano ukaimitsidwa. Mu 2016 Bobby Pierce, mnyamata wokulira pa dothi yemwe chaka cham'mbuyo adamaliza wachiwiri, adatsogola maulendo oposa 100, koma giya idakanirira pa folo. Poyambiranso sankatha kunyamuka msanga, ndipo pofuna kubweza zomwe wataya adakagunda khoma. Mabuleki agaweni kuti akumbuyo agwire mocheperako pang'ono kapena mofanana ndi akutsogolo malinga ndi dalaivala. Mukawonjezera akumbuyo, kuponda pang'ono polowa m'kona kumathandiza kutembenuza galimoto. Mapaipi a mabuleki adutse mobisika, kutali ndi mbali yomwe imagunda khoma.

Dongosolo la tsikulo

NASCAR idabwereka kachitidwe ka mabwalo a dothi. M'zaka zoyambirira, poyamba aliyense ankayezedwa nthawi payekha. Kenako pankakhala mipikisano ing'onoing'ono isanu, ya maulendo 8 mu 2013 ndipo ya maulendo 10 m'zaka zotsatira, yosankhira malo oyambira. Otsala ankapatsidwa mwayi womaliza wa maulendo 15. Mu 2013 mpikisano waukulu udali ndi malo 30 ndipo udagawidwa m'zigawo za maulendo 60, 50 ndi 40. Kuyambira 2017 dongosolo lidatembenuka kukhala 40, 50 ndi 60.

Tanthauzo lake kwa makaniko n'loti galimoto imodzi iyenera kupirira mipikisano iwiri kapena itatu usiku umodzi, nthawi yokonzera ili yochepa. Konzeranitu zida pamalo amodzi: zitsulo zolumikiza chiwongolero, mashoko, radiyeta, sefa za waya zodulidwa kale, nyundo yaikulu, tepi yomata. Ngati malo anu mu mpikisano waukulu ndi otsimikizika kale, musaphwanye galimoto polimbirana malo amodzi mu kampikisano kakang'ono. Austin Dillon adayambira pa nambala 19 mu 2013 ndipo adapambana. Koma kwa amene alibe malo, palibe chosunga. Norm Benning, wa zaka 61, wa gulu losauka, adalimbana ndi Clay Greenfield pa ulendo womaliza wa mwayi womaliza uja, galimoto ikukhulana ndi khoma mbali imodzi ndi ya mnzake mbali inayo, mpaka adalanda malo otsiriza. Amakaniko a magulu ena adathamangira kukamuthandiza kuwongola galimotoyo kuti ifike pa mzere woyambira.

Kuyendetsa

Pali njira ziwiri, ndipo dalaivala azidziwe zonse.

Njira ya m'munsi ndi yaifupi. Chotsani phazi pa moto msanga, pondani buleki pang'ono, galimoto ikhale yowongoka momwe mungathere, matayala akumanzere akutsata kachinyontho komwe kamatsalira m'mphepete mwa mkati. Potuluka patsani moto pang'onopang'ono, mukumvetsera injini: ikalira mokwera liwiro lisakuwonjezeka, matayala akuzungulira pachabe, bwezani phazi. Njirayi ndi yosasangalatsa kuonera, koma imasunga matayala ndi galimoto.

Njira ya kumtunda ndi yotsamira mtumbira. Lowani ndi liwiro, tembenuzani galimoto kuti tayala lakumbuyo kumanja likatsamire dothi lofewa lija, ndipo moto usazime. Ikagwira bwino ndi yachangu kuposa ya m'munsi. Vuto n'loti mtumbira ukafika pa khoma, mpata wolakwitsa umatsala wochepa kwambiri. Mukalowa motsika simuupeza, mumangoterera pakati. Mukalowa mokwera tayala limaudumpha, mphuno n'kukokedwera kukhoma. Kyle Larson ndiye chitsanzo cha mbali zonse ziwiri. Mu 2014 adathamangitsa Darrell Wallace Jr. akumenyetsa kumbuyo kwa galimoto kukhoma mobwerezabwereza, anthu ataimirira, mpaka galimoto idagonja kutatsala maulendo owerengeka, Wallace n'kupambana. Mu 2016 tayala lidamuphwera, adalangidwa ulendo umodzi, komabe adabwerera n'kupambana. Luso lidali lomwelo zaka zonse ziwiri. Kusiyana kudali kuti galimoto idafika kumapeto.

Kudutsa mnzanu amene watsamira mtumbira kumafuna njira yomwe amati slide job. Lowani m'munsi mwake ndi liwiro loposa lomwe konayo ingalole, lolani galimoto itererere kumtunda, mukatsekereze patsogolo pake. Muyenera kukhala mutamudutsa thupi lonse musanafike pa mzere wake. Mukapereweza mumamumenya m'nthiti nonse n'kukathera kukhoma. Mukapitiriza, iye amangochotsa phazi, n'kukhotera m'munsi mwanu, n'kukudutsaninso potuluka. Ndi pikapu yolemera yambani kutererako msanga kusiyana ndi mmene maso akukuuzirani, chifukwa ikayamba kupita chammbali siima msanga.

Kalilole sathandiza m'fumbi. Mnzanu wokhala pamwamba ndi wailesi ndiye maso anu, ndipo asamangonena za magalimoto oyandikira. Azinenanso komwe dothi lasintha mtundu ndi mzere womwe otsogola asamukira. Poyambiranso, mzere womwe mwaikidwa ungakupatseni kapena kukulandani malo angapo nthawi imodzi, malinga ndi komwe kwatsalira chinyontho.

Kodi ndi madalaivala okulira pa dothi okha omwe angapambane? Mndandanda wa opambana ukuyankha mbali zonse. Christopher Bell mu 2015, Larson mu 2016, Chase Briscoe mu 2018 ndi Stewart Friesen mu 2019 onse ndi ana a dothi, ndipo Dillon naye adali atalizolowera. Koma Wallace adali wa pa tala. Matt Crafton, wa pa tala nayenso, adachita kugula galimoto yake ya dothi n'kumakapikisana nayo m'mabwalo ang'onoang'ono kuti aphunzire, ndipo mu 2017 adapambana, Friesen ali wachiwiri. Mwa njira zonse zokonzekerera, ya Crafton ndi yomwe ingatsanziridwe mosavuta. Mipikisano isanu ndi iwiri idatulutsa opambana asanu ndi awiri osiyana: atatu pa Chevrolet, atatu pa Toyota, mmodzi pa Ford.

Kuima kapena kusaima

Ku Eldora kudalibe kusintha matayala mothamanga monga zimakhalira pa mabwalo a tala. Magulu ankagwira ntchito pa nthawi yopuma pakati pa zigawo, mosalimbirana masekondi, ndipo amene sanaime ankayambira patsogolo pa amene aima. Mafuta si nkhani yaikulu pa makilomita 121. Funso ndi la matayala ndi malo.

Yang'anani mano a tayala lakumbuyo kumanja pa magalimoto omwe aima kale. Ngati m'mphepete mwa mano mukadali mwakuthwa, dothi silikudya matayala, ndipo malo a patsogolo ndi ofunika kuposa matayala atsopano. Ngati mano afumbwa n'kukhala ozungulira, kapena mzere wakuda wa labala wayamba kuoneka, imani. Ganiziraninso kuchuluka kwa ngozi: mpikisano ukamaimitsidwa pafupipafupi, maulendo othamanga amachepa, ndipo wa matayala atsopano sapeza nthawi yodutsira anzake. Mu 2019 Briscoe adapambana zigawo ziwiri zoyamba n'kuima. Friesen adakhala m'bwalo, adatenga utsogoleri, ndipo sadauperekenso, pomwe Briscoe adakodwa m'chipwirikiti cha pakati pa gulu. Kumeneko kudali kupambana koyamba kwa Friesen m'mipikisano ya mapikapu. Konzekeraninso maulendo owonjezera, chifukwa ngozi ikachitika kumapeto mpikisano umatalikitsidwa: mu 2013, 2015 ndi 2018 udapitirira maulendo 150. Wa 2018 udatha Briscoe ndi Grant Enfinger, a gulu limodzi la ThorSport Racing, akukhulana m'nthiti mpaka pa mzere womaliza.

Mmene udathera

Mpikisanowu sudafe chifukwa chosowa anthu. Matikiti a chaka choyamba adatha kutatsala miyezi, ndipo udali umodzi mwa mipikisano ya mapikapu yomwe anthu ankaidikirira kwambiri. Kwa magulu ang'onoang'ono udali wodula, poti galimoto inkabwerako yophwanyika mbali yonse ya kumanja, fumbi litalowa paliponse, ndipo zida zambiri zomwe agula sizinkagwiranso ntchito kwina chaka chimenecho. Komabe chomwe chidauthetsa ndi china.

Wa pa 1 Ogasiti 2019 ndiwo udali womaliza. Wa 2020 udalephereka chifukwa cha mliri wa COVID-19. Kenako NASCAR idaganiza zobweretsa gulu lake lalikulu la Cup padothi mu 2021, koma m'malo mopita ku Eldora, idasankha kuthira dothi pamwamba pa konkire wa Bristol Motor Speedway ku Tennessee. Stewart, yemwe bwalo lake ndi lomwe lidatsimikizira kuti magalimoto olemera a NASCAR angathamange padothi, adanena poyera kuti zidamuwawa, ndipo sadasainenso mgwirizano wa mapikapu. Mapikapuwo adapita ku Bristol, komwe Martin Truex Jr. adapambana mu 2021, komanso ku Knoxville Raceway ku Iowa, komwe adapambana Austin Hill mu 2021 ndi Todd Gilliland mu 2022. Knoxville idachoka pa ndandanda itachititsa iwiri yokha. Dothi la ku Bristol lidathiridwa komaliza mu 2023, Joey Logano n'kupambana mpikisano wa mapikapu chaka chimenecho, ndipo mu 2024 bwalolo lidabwerera ku konkire. Eldora ikupitiriza ndi mipikisano yake yakale ya Kings Royal, Dirt Late Model Dream ndi World 100.